Stephen Strasburg: kodi a Nationals analakwitsa kumuimitsa mu 2012?

Gulugufe77:
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya Stephen Strasburg, amene anali woponya mpira wa baseball wa timu ya Washington Nationals ku America. Amati palibe woponya amene anatuluka ku koleji akutamandidwa ngati iyeyu. Koma ukaona manambala ake onse a mu MLB, ligi yaikulu ya baseball kumeneko, anapambana magemu 113, kugonja 62, ERA 3.24, ma strikeout (kutulutsa womenya amene waphonya mpira katatu) 1,723. Si zoipa ayi, koma si za munthu amene ankati adzaposa onse. Chinavuta n'chiyani? Nanga ija ya 2012 yomuletsa kuponya timu yake ikulowa mu ma playoff, magemu olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, inali nzeru kapena mantha chabe?

Dzanjalamanzere:
Achimwene, tiyambire ku yunivesite ya San Diego State, chifukwa anthu ambiri amangodziwa za 2009.

Atamaliza sekondale ku West Hills palibe timu ya MLB inamutenga mu draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano mosinthana. Anali wonenepa, wosachedwa kutopa, ndipo zikamuvuta pa kachulu pamene woponya amaima, mtima unkamuthawa. Kochi wamkulu wa timu ya yunivesiteyo anali Tony Gwynn, wa oponya anali Rusty Filter. Chaka choyamba, 2007, sanamupatse zoyamba gemu. Ankalowa kumapeto kudzatseka, ndipo chaka chonse anaponya ma inning (zigawo za gemu) 37 okha. Thupi litatsika, liwiro la mpira linakwera, ndiye mu 2008 anamuika kukhala woyamba gemu. Chaka chimenecho pa 11 Epulo anachita ma strikeout 23 pa gemu imodzi ndi Utah. Dziwani kuti gemu ya ma inning 9 imafuna ma out 27, kutanthauza kutulutsa omenya ka 27, ndiye anzake asanu ndi atatu aja anangogwira ntchito pa ma out anayi basi. Mu Ogasiti anapita ku Olympics ya ku Beijing, iye yekha wa ku koleji mu timu ya America, anabwerako ndi mendulo ya bronze.

2009 ndiye ija mumaimva: kupambana 13, kugonja kamodzi, ERA 1.32, ma strikeout 195 m'ma inning 109, ma walk (womenya kupita pa base mwaulere chifukwa cha mipira inayi yosalunjika) 19 okha. Mu Meyi anaponya no-hitter (gemu yonse popanda wofika pa base pomenya bwino mpira) kwa Air Force ndi ma strikeout 17. Analandira Golden Spikes Award, ndipo Washington Nationals inamutenga woyamba pa draft yonse.

NaPhiri_LL:
Pepani, ine baseball ndikungoiphunzira kumene. ERA imeneyi mumaiwerengera bwanji? Komanso ndimaona pena alemba 159.1, pena 159⅓. Ndi chimodzimodzi?

Wamanambala:
Achemwali, ERA ndi ma run, zigoli za baseball, amene woponya angapereke atati waponya gemu yathunthu. Mumatenga ma run amene ali mlandu wake, osawerengera obwera chifukwa mnzake wagwetsa mpira, kuchulukitsa ndi 9, kugawa ndi ma inning amene waponya. Strasburg mu 2009 anapereka 16 m'ma inning 109. Ndiye 16 kuchulukitsa ndi 9 ndi 144, kugawa ndi 109, mupeza 1.32. Mu MLB woyamba gemu amene ali pansi pa 3.00 ndi katswiri, wa m'ma 4 ndi wapakatikati.

Za 159.1, musaione ngati desimali ya kusukulu. Inning iliyonse ili ndi ma out atatu, ndiye .1 ndi out imodzi, .2 ndi ma out awiri, .3 kulibe. Mukailowetsa mu kakyuleta ngati 159.1 yankho lilakwika pang'ono. Lembani 159.33.

Mjomba_wa_Bullpen:
Manambala a 2009 aja ndi oona, koma tiziwawerenga mosamala, chifukwa koleji ndi MLB ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Ku koleji woponya wabwino kwambiri amaponya Lachisanu, kenako amapuma mpaka Lachisanu linalo. Masiku asanu ndi limodzi opuma. Ku MLB oyamba gemu amakhala asanu osinthana, ndiye umaponya, kupuma masiku anayi, lachisanu lake uli pa kachulu. Sizoni ya koleji magemu ake sapitirira 56 asanafike ma tournament, ya MLB ndi 162. Woyamba gemu wodalirika mu MLB nthawi imeneyo ankayembekezeka kuponya ma inning 200. Strasburg anali asanadutsepo 109 ku koleji.

Chachiwiri, San Diego State inkasewera mu ligi ya makoleji ya Mountain West, osati ya SEC kapena ACC kumene kumadzaza omenya oopsa. Mwana wa zaka 19 amene sanaonepo mpira wa makilomita 160 pa ola amangogwedeza bat mwamwayi. Kuchokera pa kachulu kufika kwa womenya ndi mamita 18.44, ndipo pa liwiro limenelo mpira umafika m'masekondi osakwana theka. Choncho fastball (mpira waliwiro) ndi mpira wokhota zinkamukwanira, changeup (mpira wochepetsedwa liwiro dala) sankaifuna kwenikweni. Ndipotu kwa womenya wochedwa changeup ndi mphatso, chifukwa wamuchepetsera liwiro kufika pamene bat yake ingaupeze.

Mbali imodzi yokha koleji ndi yovuta kuposa MLB: kumeneko amamenya ndi bat yachitsulo, ku MLB ndi yamtengo. Ukaponyera womenya mkati pafupi ndi manja, yamtengo imathyoka kapena mpira umangogudubuka, yachitsulo imautumizabe kutali.

Gulugufe77:
Ndiye mukuti anamukweza mopupuluma, amjomba?

Mjomba_wa_Bullpen:
Ayi, sindikutero. Anasaina mu Ogasiti 2009, kutatsala masekondi ochepa kuti nthawi yosainira ithe, madola 15.1 miliyoni pa zaka zinayi, womuimira ali Scott Boras. Anaphwanya rekodi ya Mark Prior ya 10.5 miliyoni ya mu 2001. Mu 2010 anamuyambitsa ku minor, ligi za pansi pa MLB: Harrisburg, Double-A, kenako Syracuse, Triple-A. Ma inning 55⅓, ERA 1.30. Kunalibe choti aphunzire kumeneko.

Pa 8 Juni 2010 ndiye gemu yoyamba ija ndi Pittsburgh Pirates: ma inning 7, ma strikeout 14, walk ngakhale imodzi ayi, ma run awiri a home run ya Delwyn Young, ndipo omenya asanu ndi awiri omaliza onse anawachita strikeout. Mipira 94 yokha. Womuwakhira anali Iván Rodríguez. Timu inkamusamala kwambiri, mipira ankamuwerengera gemu iliyonse. Komabe kumapeto kwa Julayi phewa linatupa, anamupumitsa, anabwerera, kenako pa 21 Ogasiti ku Philadelphia anaponyera Domonic Brown changeup n'kugwedeza mkono akumva ululu. Mtsempha wa m'chigongono unali utang'ambika. Anali ataponya magemu 12 okha mu MLB, ma inning 68, ma strikeout 92.

Onani dongosolo lake: phewa kaye, chigongono pambuyo. Phewa likafooka, woponya amasintha kaponyedwe osadziwa, ndipo katundu amatsikira ku chigongono.

Sisita_wa_Physio:
Ndilongosole pang'ono za mtsemphawu, chifukwa mkangano wa 2012 sungamveke popanda izi.

Umatchedwa UCL. Uli mkati mwa chigongono, mbali yoyang'ana kuthupi, ndipo umalumikiza fupa la mkono wa kumtunda ndi fupa lotchedwa ulna la mkono wa kumunsi. Ndi kachinthu kakang'ono, masentimita ochepa. Woponya akaponda phazi lakutsogolo, chifuwa chimatembenukira kwa womenya pamene dzanja latsalira m'mbuyo, mkono wa kumunsi utagona chagada. Nthawi imeneyo chigongono chimafuna kutseguka cham'kati, ndipo chimene chimachigwira ndi UCL pamodzi ndi minofu ya mkono imene imapinda dzanja ndi kulitembenuza. Mphamvu ya kuponya kolimba imafika pafupi ndi malire a mtsemphawo pawokha. Minofu ija ndi imene imaulanditsa. Ikatopa, mtsempha umasenza wokha.

N'chifukwa chake kawirikawiri sung'ambika ndi mpira umodzi. Zili ngati chingwe cha pachitsime, chimatha ulusi umodziumodzi, ndipo tsiku lodukalo ndowa yake si yolemera kuposa ya dzulo. Changeup ija ya ku Philadelphia inangomalizitsa.

Opaleshoni yake ndi ija amaitcha Tommy John, dzina la woponya woyamba kuchitidwa mu 1974 ndi Dr. Frank Jobe. Sasoka mtsempha wakalewo. Amatenga wina, kawirikawiri palmaris longus wa m'mkono, umene anthu ena sabadwa nawo n'komwe, kapena wa m'mwendo, amaboola timabowo m'mafupa awiri aja, kuulowetsa ndi kuumanga. Strasburg anamuchita ndi Dr. Lewis Yocum mu Seputembala 2010.

Kuchira ndi miyezi 12 mpaka 18. Masabata oyamba mkono uli mu chomangira, kenako kuuphunzitsa kupinda ndi kuwongoka, kenako kulimbitsa phewa ndi minofu ya mkono. Kuponya kumayamba cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu, pamalo athyathyathya, mamita 14, mtunda n'kumawonjezeka pang'onopang'ono mpaka kudutsa mamita 35. Pa kachulu amakwera pambuyo pake, fastball yokha poyamba, mipira yokhota kumapeto. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti liwiro limabwerera msanga, koma mtsempha watsopanowo umatenga nthawi yaitali kuti ukhwime ndi kumera bwino m'fupa. Munthu amamva kuti ali bwino pamene mkati simunathe.

Iye anabwerera pa 6 Seputembala 2011, patangotha chaka chimodzi, n'kuponya ma inning 24 mu MLB chaka chimenecho.

Wamanambala:
Ndiye ikani manambala pamzere muone chimene Mike Rizzo, bwana wa timu, ankaona. 2008: 97⅓ ku koleji. 2009: 109. 2010: 123⅓ kuphatikiza za ku minor. 2011: osakwana 50 zonse pamodzi. 2012: pofika pa 7 Seputembala anali pa 159⅓. Akanapitiriza mpaka World Series, fainolo ya MLB, akanayandikira kapena kudutsa 200, pa chigongono chimene chinali ndi zaka ziwiri zokha chichitidwireni opaleshoni. Ndipo sanayambire pa iye. Jordan Zimmermann, amene anachitidwa opaleshoni yomweyo mu 2009, anamuimitsa mu 2011 pa 161⅓. Palibe anadandaula chifukwa timu inalibe kopita chaka chimenecho.

Chiphaliwali:
Ine ndikutsutsa, ndipo ndikutsutsa kwambiri. Kuika malire sindikukana. Chimene ndikukana ndi kawonongedwe ka ma inning 160 amenewo.

Ankadziwa kuyambira Febuluwale kuti ali ndi 160. Bwanji osamuyambitsa mu Meyi? Kapena kumulumphitsa gemu imodzi mwezi uliwonse, kapena kugwiritsa oyamba asanu ndi mmodzi? Atlanta chaka chomwecho inali ndi Kris Medlen, wochokeranso ku Tommy John. Anamusunga mu bullpen, gulu la oponya olowa gemu ili mkati, mpaka kumapeto kwa Julayi, kenako anamuika woyamba gemu, ndipo Okutobala, mwezi wa ma playoff, atafika anali akadali ndi mphamvu. Nationals inapambana magemu 98, kuposa timu ina iliyonse mu MLB, mzinda wa Washington unali usanaone ma playoff a baseball kuyambira 1933, ndiye inu mukukhazika pa benchi munthu wa 15-6, ERA 3.16, ma strikeout 197? Anatuluka msanga kwa St. Louis Cardinals. Mwayi ngati umenewo sauitanitsa.

Dzanjalamanzere:
Akulu, pa Cardinals paja mwathamanga. Amene anapeza malo mu gulu la oyamba gemu a ma playoff chifukwa Strasburg kulibe ndi Ross Detwiler, ndipo mu Game 4 anaponya ma inning 6 osapereka run ya mlandu wake, timu inapambana ndi home run ya Jayson Werth. Game 5 anatsogola 6-0, inning yomaliza analowa akutsogola 7-5, bullpen inapereka ma run anayi, kugonja 9-7. Pamenepo Strasburg akanakhala atachoka kale pa kachulu.

Komanso muone magemu ake omaliza a 2012. Anali atayamba kugwedezeka, gemu ina bwino, ina kumenyedwa. Yomalizayo ndi Miami sanadutse ma inning atatu. Kwa wochira Tommy John, kusowa kolunjika mpira kumapeto kwa sizoni ndi chizindikiro cha kutopa, ngakhale radar ikuonetsabe liwiro labwino.

Za kumuimitsa ndi kumuyambitsanso, a timu ankati kuzimitsa mkono n'kuuyatsanso pakati pa sizoni kuli ndi ngozi yakeyake, chifukwa umafunika kuukwezanso pang'onopang'ono. Pamenepo mukhoza kutsutsana nawo, ndipo chitsanzo cha Medlen n'chabwino. Koma musaiwale kuti Medlen chigongono chinang'ambikanso mu 2014.

Chiphaliwali:
Nanga Matt Harvey? New York Mets anamulola mu 2015, chaka chake choyamba atachira, Boras yemweyo akukuwa. Anaponya ma inning 216 kuphatikiza ma playoff, anafika World Series.

Sisita_wa_Physio:
Anafika, inde, koma mu 2016 anachitidwa opaleshoni ya thoracic outlet syndrome, vuto la kupanikizika kwa minyewa pakati pa khosi ndi phewa, ndipo sanabwererenso pa mlingo wake. Komabe tisagwiritse Harvey ngati umboni wa mbali iliyonse, chifukwa Strasburg amene anamusamala uja matenda omwewo ndi amene anamumaliza. Anthu awiri kapena atatu sangatiuze kuti 160 ndi nambala yoyenera. Kuwerenga ma inning pakokha n'kosalongosoka: inning ya mipira 9 ndi ya mipira 32 anthu ali pa ma base zimalembedwa chimodzimodzi, pamene mkono umazimva mosiyana. Chimene tinganene motsimikiza n'chimodzi: UCL yatsopano ya Strasburg inakhala mpaka anapuma, sanachitidwe Tommy John yachiwiri.

NaPhiri_LL:
Ndinawerengapo kuti vuto linali kaponyedwe kake, "inverted W". N'chiyani chimenecho?

Mjomba_wa_Bullpen:
Achemwali, pezani chithunzi chake cha 2010 pamene phazi lakumanzere latsala pang'ono kuponda pansi. Muona zigongono zonse ziwiri zakwera kufika kapena kudutsa mzere wa mapewa, manja akulendewera pansi. Mawonekedwewo pawokha si mlandu. Funso ndi lakuti phazi likamaponda, dzanja la mpira lili pati? Liyenera kukhala litadzuka kale, mkono wa kumunsi ukuloza m'mwamba. Ngati likadali pansi, chiuno ndi chifuwa zimayamba kutembenuka mkono usanakonzeke, ndiye umakwapulidwa kuti upeze thupi. Makochi amati mkono wachedwa. Prior ankamunenanso zomwezo. Koma ofufuza sagwirizana kuti mawonekedwe amenewa ndiwo amavulaza, ndipo alipo oponya mwaukhondo amene anang'ambikanso. Chimene chimagwirizana kwambiri ndi kuvulala kwa UCL ndi liwiro lenilenilo, ndi kuponya ndi mphamvu zonse mpira uliwonse.

Dzanjalamanzere:
Ine chimene chimandinyansa pa nkhani ya Strasburg n'chakuti anthu amalumpha kuchoka 2012 kufika pa kontrakiti yomaliza, kusiya woponya weniweniyo pakati.

2014 anaponya ma inning 215, ma strikeout 242, kufanana ndi Johnny Cueto pamwamba pa National League. 2016 anayamba ndi 13-0, koma slider, mtundu wina wa mpira wokhota, imene anaiwonjezera inamupweteka minofu ya mkono ndipo ma playoff anamudutsa. 2017 anasiya windup (kuyamba ndi kuzungulitsa thupi lonse) n'kumaponya ali pa stretch (kaponyedwe kachidule, ataima chammbali) nthawi zonse, kaya pa base pali munthu kaya palibe, kuti thupi lizibwereza kayendedwe kamodzi. Chaka chimenecho ERA 2.52, wachitatu pa Cy Young, mphotho ya woponya wabwino koposa, ndipo mu Game 4 ndi Chicago Cubs, akudwala, ma inning 7 opanda run, ma strikeout 12.

Wa 2019 anali munthu wina poyerekeza ndi wa ku San Diego State. Fastball inali itatsika kuchoka cha pa makilomita 156 pa ola mu 2010 kufika cha pa 151. Mmalo molimbana nazo, anachepetsa fastball yowongoka (four-seam), kuwonjezera ina (two-seam) imene imalowa pansi, curveball n'kumaiponya pafupifupi kamodzi pa mipira itatu iliyonse, ndi changeup ya cha pa 141 imene imagwa mwadzidzidzi. Chinsinsi cha changeup ndi chakuti mkono uyende liwiro lomwelo la fastball, chochepetsa liwiro chikhale kagwiridwe, mpira uli mkati mwa chikhatho ndi pa zala zofooka. Ukachedwetsa mkono, womenya wa MLB amaona. Mpira umene ku koleji sankaufuna ndi umene unadzakhala chida chake choopsa.

Zotsatira: 18-6, ma inning 209, kuposa aliyense mu National League, ma strikeout 251. Mu ma playoff 5-0, ERA 1.98, ma strikeout 47 ndi ma walk anayi m'ma inning 36⅓. Mu Wild Card ndi Milwaukee analowa kuchokera mu bullpen, koyamba chichokereni ku koleji, ma inning atatu opanda run.

Mjomba_wa_Bullpen:
Wonjezanipo za Game 6 ya World Series ya 2019 ku Houston. Inning yoyamba anapereka ma run awiri, Alex Bregman anamenya home run. Kochi wa oponya, Paul Menhart, anaona kuti akudziulula: kagwiridwe ka gulovu pamene akusintha zala pa mpira kankaonetsa chimene chikubwera. Changeup imafuna kutambasula zala, ndiye gulovu imatseguka pang'ono, ndipo omenya akatswiri amayang'ana zimenezo. Mankhwala ake anali kugwedeza gulovu pa mpira uliwonse kuti pasaoneke kusiyana. Sanaperekenso run mpaka anachoka mu inning ya 9, ataponya 8⅓. Nationals inapambana 7-2, mawa lake inatenga chikho, iye MVP wa World Series, woyamba pa onse otengedwa nambala wani mu draft kulandira mphothoyo.

Chiphaliwali:
Zimenezo sindikana. Koma kumupatsa madola 245 miliyoni pa zaka 7 mu Disembala 2019, munthu wa zaka 31 wa mbiri ya kuvulala ngati imeneyo, atangoponya ma inning 245 chaka chimodzi? Mu 2012 anaopa 200, mu 2019 anamukama mpaka 245 n'kumusainitsa zaka 7. Womenya wawo Anthony Rendon anamusiya apite ku timu ya Angels pa ndalama yomweyo.

Wamanambala:
Pa kontrakiti imeneyo manambala ali mbali yanu, akulu. 2020 ma inning 5, 2021 ma inning 21⅔, 2022 gemu imodzi ndi Miami pa 9 Juni, ma inning 4⅔, ma run 7. Zonse 31⅓. Mukagawa, ndi madola pafupifupi 7.8 miliyoni pa inning, ndipo makontrakiti a MLB amalipidwa ngakhale wosewera avulale. Kungoti ya Rendon ku Angels nayonso sinayende, ndiye pamenepo panalibe chosankha chabwino. Msika unali wotero: patangopita tsiku limodzi kapena awiri Gerrit Cole anasaina ndi Yankees 324 miliyoni pa zaka 9.

Gulugufe77:
Asisita, thoracic outlet imeneyi imasiyana bwanji ndi Tommy John kuti anthu asamabwerere?

Sisita_wa_Physio:
Tommy John mumachotsa chingwe chotha n'kuikapo china. Iyi ndi nkhani ya minyewa yotumiza mauthenga. Minyewa ndi mitsempha ya magazi yopita ku mkono imachoka m'khosi n'kudutsa pampata wopapatiza pakati pa minofu ya m'khosi yotchedwa scalene, nthiti yoyamba, ndi fupa lopingasa la paphewa. Kwa munthu woponya zaka zambiri, minofu imakula ndi kuuma, mpata umachepa, minyewa imapanikizika. Zizindikiro ndi dzanzi m'zala, dzanja kuzizira kapena kulemera, kupweteka kwa khosi ndi phewa, ndi kusamva bwino mpira m'zala. Woponya amene sakumva misoko ya mpira sangalamule curveball kapena changeup.

Imavuta kuizindikira chifukwa imanamizira matenda ena. Mu 2020 Strasburg anachitidwa kaye opaleshoni ya carpal tunnel padzanja, chifukwa dzanzi linkaoneka ngati likuchokera pamenepo. Mu Julayi 2021 ndiye anamuchita ya thoracic outlet, kuchotsa nthiti yoyamba ndi minofu iwiri ya m'khosi. Pali mtundu wa mitsempha ya magazi ndi mtundu wa minyewa. Wa magazi, mukatsegula njira, ambiri amabwerera bwino. Wake unali wa minyewa, ndipo mnyewa ukapanikizika nthawi yaitali, kuchotsa choupanikiza sikutanthauza kuti uchira. Anayesa kubwerera, zinakanika, ndipo kupuma kwake kunalembedwa mwalamulo mu Epulo 2024.

NaPhiri_LL:
Funso lomaliza kwa ine. Paul Skenes, woponya amene Pittsburgh Pirates inamutenga woyamba pa draft ya 2023, amamufanizira ndi Strasburg, nanga bwanji anasaina ndalama yochepa, 9.2 miliyoni, patapita zaka 14?

Wamanambala:
Malamulo anasintha, achemwali. Ya Strasburg inali kontrakiti ya MLB yeniyeni, bonasi ya 7.5 miliyoni ndi malipiro a zaka zinayi pamodzi. Kuyambira draft ya 2012 zimenezo n'zoletsedwa: wotengedwa mu draft amasaina ya ku minor yokha, ndipo timu iliyonse ili ndi thumba la ndalama loikidwiratu, ikadutsa imalipira msonkho, ikadutsa kwambiri imalandidwa malo mu draft yotsatira. Ndiye yerekezani 9.2 ya Skenes mu 2023 ndi 7.5, osati ndi 15.1.

Pa kaponyedwe, Skenes anayesedwa ku yunivesite ya LSU mu SEC, anafika mpaka College World Series n'kuitenga, ma strikeout 209 m'ma inning 122⅔. Pittsburgh inamukweza mu Meyi 2024 ndipo chaka choyamba inamusunga pa ma inning 133 mu MLB, kumapeto kwa sizoni akumufupikitsira magemu mmalo momuimitsiratu. Imeneyo ndi njira imene a Chiphaliwali amafuna ija.

Chiphaliwali:
Ndiyomweyo. Kungoti Pirates ya 2024 inalibe Okutobala woti imusungire.